Getzel ndi Maliro a M'galasi

Kanyuzipepala ka ku Nyumba ya Feldblum kandipeza dzulo, ndipo ndakawerenga kawiri: koyamba ndi magalasi anga, kachiwiri ndi a malemu mkazi wanga, poganiza kuti mwina angawa ayamba bodza. Patsamba loyamba pali Pulofesa Polenaar akugwirana chanza ndi pulofesa mnzawo wa ku Paris, onse mano pamtunda. Patsamba lachiwiri akulengeza kuti makalasi a Chiyidishi, chilankhulo cha makolo athu, asamukira Lachiwiri, kuti kudzakhala msonkhano wa masiku atatu wokambirana za zipewa zimene ankavala makolo athu, ndiponso kuti makina a khofi akonzedwa. Ndiye kumunsi kwenikweni, pansi pa makina a khofiwo, pali kamzere kamodzi: "Chinthu cha nambala 14 chachotsedwa pa chionetsero pa zifukwa zina."

Chinthu! Zifukwa zina! Ine Leibush Kornitzer sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, aphunzitsi atalumbira kuti m'mutu mwanga muli utuchi, ndipo moyo wanga wonse ndauthera pa gudumu lopera dayamondi muno mu Antwerp. Koma ngakhale ine wautuchine ndikudziwa kuti chimene chinali m'galasi muja sichinali chinthu, ndipo Getzel Wachsman si zifukwa zina. Poti ophunzirawo inki yawathera, ndilemba ndine.

Getzel tinakhala benchi imodzi ku sukulu ya ku sunagoge. Ine ndinali wachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo ulemu umenewo ndinaupeza chifukwa cha iye. Bambo ake ankafuna kuti adzakhale rabi, mphunzitsi wa chipembedzo, koma mutu wa mwanayo unali ngati sefa: uthiremo m'mawa, masana mulibe. Anamuyesa ku dayamondi. Sabata yoyamba yomweyo anayetsemula, kamwala n'kuthawira m'mng'alu wa thabwa, ndipo mpaka lero kali momwemo. Anayesa kugulitsa nsomba, koma ankauza makasitomala kuti ya dzulo ndi iti. Munthu wotere malonda sangamuthandize. Choncho pamene malemu bambo Feldblum anasiya nyumba yawo kuti ikhale malo ophunzirirako za Chiyuda, yokhala ndi laibulale, mapulofesa ndi alendo ochokera kutali, Getzel anapatsidwa tsache ndi mpukutu wa makiyi. Papita zaka makumi atatu ndi chimodzi. Mapulofesa anayi abwera n'kupita, aliyense ndi maganizo ake a kumene mipando iyenera kuyang'ana, koma amene amaiyala ndi yemwe uja, wamfupi, wamakutu ngati zogwirira poto.

Ine ndimapita ku Nyumbako Lachinayi lililonse kukamvera nkhani za ophunzira. Musandinamizire kuti ndimakonda maphunziro. Kumatentha bwino, ndipo pamapeto pamakhala tiyi. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri tiyiyo ankathira ndi Pessel, mkazi wa Getzel, atamanga kumutu duku lake labuluu la maluwa achikasu. Keke yake ya tchizi ndi imene inkadzaza holo. Wolankhula aliyense ankaganiza kuti anthu abwerera nzeru zake, ndipo ife tinkamusiya aganize choncho. Ana analibe. Mimba zinayi zinapita padera, ndipo za zimenezo Pessel sanalankhulepo ndi munthu.

Koma ntchito imene Getzel amainyadira si ya mipando. Pansi pa masitepe pali bokosi lalikulu lathabwa loboola pamwamba. Pepala lililonse lokhala ndi Dzina Loyera la Mulungu likang'ambika kapena kutha, silipita m'bini. Limapita m'menemo. Anthu a m'dera lonse amabweretsa mabuku awo a mapemphero othothoka masamba, ndipo chaka chilichonse, Pasika itayandikira, Getzel amalongedza zonse m'matumba, n'kubwereka galimoto ya wogulitsa nsomba, n'kuwoloka malire kupita kumanda athu a ku Putte kumene tonse tidzagone. Kumeneko mapepala amaikidwa m'manda ngati munthu. Pa ulendo umenewo Getzel amavala jekete la Sabata, ndipo ine ndimapita nawo kuti ndizimuuza kuti sadziwa kuyendetsa.

Pessel anamwalira mu Novembala. Kutatsala masiku awiri anamukoka Getzel pamkono m'chipatala muja nati, "Getzel, kabuku kanga kaja. Usakatsegule. Munthu asakawerenge. Kapite kumene ndikupita ine." Kanali kabuku ka mapemphero a amayi, ka Chiyidishi, kamene kanali ka agogo ake, kenako ka mayi ake. Pessel ankalemba zake m'mbali mwa masamba ndi pensulo, m'kalembedwe kakale kopindikapindika kamene mayi ake anamuphunzitsa. Koma ife sitisunga maliro. Wamwalira lero, mawa ali m'dothi, ndipo m'chipwirikiti chimenecho kabukuko sikanapezeke. Getzel anadzakapeza patatha milungu itatu kuseri kwa chitini cha ufa. Manda anali atatsekedwa kale. Anakakulunga m'duku labuluu lija n'kukaika pansi penipeni pa bokosi la pansi pa masitepe, kuti kadikire ulendo wa Pasika.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe mbuli, bwanji osasunga kunyumba?"

Iye anati, "Leibush, kunyumba ndimakhala ndekha. Ndingakatsegule."

Mu Febuluwale madokotala anamung'amba bondo, ndipo anagona milungu iwiri. Tsiku limene anabwerera ndi ndodo yake, anapeza bokosi lili pululu. Pulofesa Polenaar, munthu wa ku Amsterdam amene watilamulira zaka zisanu ndi chimodzi, anali ataganiza kuti m'zinyalala zathu zopatulika muli mbiri ya anthu. Zonse zinali m'chipinda cham'mwamba, zitayalidwa pa matebulo, anthu akuzigwira atavala magolovesi oyera. Ndipo kanyuzipepala ka mwezi umenewo kanafuula kuti: "Chuma chapezeka pansi pa masitepe athu: mawu a mayi wosadziwika wa ku Galicia amene anamwalira nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe." Kabukuko kadzakhala pakati pa chionetsero, ndipo tsiku lotsegulira Pulofesa adzawerenga mokweza zolembedwa m'mbalizo.

Wa ku Galicia! Nkhondo isanayambe! Mayi amene keke yake Pulofesayo waidya zaka zisanu ndi chimodzi, mbale ziwiriziwiri, ndinkamuwerengera ine!

Getzel anabwera kwathu. Ndinati, "Tiye tikamuuze. Ndi kabuku ka mkazi wako, basi, nkhani yatha."

Anandigwira kolala, Getzel amene sanagwirepo ngakhale mphaka. "Ukatchula dzina lake, ndiye kuti zonse zimene awerengazo zakhala za Pessel. Panopa ndi za mayi wa ku Galicia. Lumbira kuti sutchula."

Mwaona msampha wake? Akakhala chete, mawu a mkazi wake awerengedwa pamaso pa anthu zana. Akalankhula, mawuwo apeza mwini. Ndinalumbira, ngakhale kwa ine kutseka pakamwa n'kowawa kuposa kuzula dzino.

Tinakwera ku ofesi tonse awiri, iye ndi ndodo, ine ngati pakamwa pake. Pulofesa anatilandira bwino, zimenezo sindingamunamizire.

"A Wachsman, bondo likuti bwanji? Ndipo a Kornitzer, lero si Lachinayi, tiyi palibe."

"Tabwerera maliro athu, aPulofesa," ndinatero ine. "Mwafukula anthu asanaikidwe n'komwe. Kwanu ku Amsterdam mumatero?"

Anaseka pang'ono. "Zonse tidzabweza m'bokosi tikamaliza kujambula. Kabuku kamodzi kokha ndi kamene tisunge."

"Kameneko," anatero Getzel, maso ali pa nsapato zake, "kanaikidwa m'bokosi kuti kakaikidwe m'manda. Amene anakaikayo sanabweretse ku laibulale. Laibulale ili ndi khomo lake."

Pamenepo Pulofesa anavula magalasi. "A Wachsman, mabuku athu angati anatenthedwa? Anthu angati anapita opanda wosunga ngakhale liwu lawo limodzi? Za amuna tili nazo mashelefu ndi mashelefu. Za amayi, zimene ankauza Mulungu ali okha kukhitchini, tilibe pafupifupi chilichonse. Mayi ameneyu palibe amene akumukumbukira. Mukufuna kuti ifenso timukwirire kachiwiri?"

Ndivomere, mawuwo anali ndi mnofu. Koma ndinati, "Nanga mayiyo munamufunsa? Munthu akamanong'oneza Mulungu, inu mumabwera ndi chinkuzamawu?"

"Akufa safunsidwa, a Kornitzer."

"N'chifukwa chake mumawakonda."

Anatiperekeza pakhomo mwaulemu wonse, ndipo asanatseke anati, "A Wachsman, mawa mudzatsitse kabati yagalasi ija, muipukute bwino." Getzel anaitsitsa, ndi bondo lakelo, n'kuipukuta mpaka kuwala. Ndinamutukwana njira yonse ya ku tiramu, kasitima ka m'tauni. Ndinati, "Makiyi onse a nyumbayi ali m'chiuno mwako ngati belu la ng'ombe. Tsegula, tenga, tiye ku Putte. Ine ndidzanena kuti ndinaona mbewa ikukoka buku." Iye anangoti, "Makiyi sanandipatse kuti ndizibera." Mukanandiona mmene ndinapsera mtima. Chilungamo chikachuluka pa munthu mmodzi chimasanduka matenda.

Kabukuko anakaika m'galasi Lolemba, kali chitsekere, duku litayalidwa pambali pake ndi kapepala kolembedwa nambala 14. Lolemba lomwelo Getzel anatenga kampando kake ka kukhitchini n'kukhala pambali pa kabatiyo. Akamaliza kusesa, ankabwerera pomwepo, milomo ikugwedera chamumtima. Ogwira ntchito ankaganiza kuti akupumitsa bondo. Ine ndinazindikira tsiku lachiwiri. Wakufa sasiyidwa yekha kufikira ataikidwa. Pamakhala munthu womulondera.

"Wapenga iwe," ndinamuuza. "Ukulondera pepala?"

"Ukafuna undilandireko ndipite kuchimbudzi," anatero.

Ndinamulandira. Musauze munthu.

Lamlungu masana linali tsiku lotsegulira. Holo inadzaza: ophunzira, alendo a ku Paris, anthu a m'sunagoge zitatu zimene sizipatsana moni, ndi ife a tiyi. Pa tebulo panali vinyo, nsomba ya hering'i yamchere ndi anyezi, ndi keke ya tchizi ya kusitolo imene inkakoma ngati sopo. Getzel anali atayala mipando yonse. Kenako anasowa pang'ono, n'kubwera atavala jekete la Sabata, lija la ulendo wa ku Putte. Anaika kandulo ya m'kapu yagalasi pansi, chakumutu kwa kabati, n'kuiyatsa, n'kukhala pa kampando kake ndi kuyamba mapemphero olonderera maliro, osati chamumtima tsopano, koma momveka.

Achinyamata a ku yunivesite ankaganiza kuti ndi mbali ya chionetsero. Mmodzi anamujambula ndithu. Koma okalamba athu nyimbo imeneyo amaidziwa ngati fungo la mvula. Ndinaona bambo Zylberberg, amene hering'i sanaikanepo chibadwire, akubweza foloko ili pakati pa mbale ndi kamwa. Pamaso pa maliro munthu sadya, samwa. Matambula anayamba kutsika pa tebulo, limodzi, lina, lina. Phokoso linazima kuyambira kutsogolo mpaka kukhomo.

Pulofesa anafika ndi mapepala ake, nkhope itafiira. Anawerama n'kunong'ona, koma ine makutu anga amagontha pa zokhazo zimene sindifuna kumva. "A Wachsman, moto m'chipinda cha mabuku? Zimitsani, chonde. Tikambirana mawa."

Getzel sanadukize pemphero.

Pamenepo anthu anapatuka, ndipo panadutsa mayi Feldblum, mkazi wamasiye wa mwini nyumba, wa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi, amene ndi wapampando wa komiti ya Nyumbayi ndipo ngakhale a rabi amawolokera tsidya lina la msewu akawaona atakwiya. Anagogoda pansi ndi ndodo.

"Getzel, wamwalira ndani?"

"Ali m'galasimu, mayi. Sanaikidwe."

"Ndani?"

Getzel anabwerera ku pemphero lake. Ine lilime linkandiyabwa ngati ndadya chitedze, koma ndinali nditalumbira.

Mayi Feldblum anawerama pa galasi. Kabukuko sanakayang'ane nthawi yaitali. Anayang'ana duku. Kapepala ka Pulofesa kankati ndi nsalu ya kumudzi ya zaka zoposa zana. Mayiwo anayang'ana maluwa achikasu aja, ndi kachigamba ka pakona pamene panapsa ndi ketulo, ndipo ndinaona chibwano chawo chikuuma. Anacheuka n'kuyang'ana mayi Zylberberg. Mayi Zylberberg anayandikira, n'kuyang'ana, n'kugwira pakamwa. Anabwera wachitatu, wachinayi. Amayi amene kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ankalandira kapu ya tiyi pansi pa duku limenelo. Palibe amene anatchula dzina. Ngakhale mmodzi. Amayi a m'dera lathu, amene nkhani ikalowa m'khutu m'mawa masana ili ku Brussels! Anangoima mondondozana, misana ku galasi, nkhope kwa anthu, mpaka kabati yonse inabisika kuseri kwa majasi awo.

"APulofesa," anatero mayi Feldblum, "zimene mukufuna kuwerengazo zili m'mapepala amenewo?"

"Mayi, ndi umboni wosowa kwambiri. Mayi ameneyu alibe wina aliyense amene..."

"Ali nawo. Simukutiona? Bweretsani kuno."

"Sayansi siingayende chonchi, mayi Feldblum. Tikamakwirira chilichonse chimene chikutipweteka, adzukulu athu adzapeza chiyani?"

"Adzapeza kuti agogo awo ankadziwa kusunga chinsinsi. Inu mwaphunzira zilembo zonse, mwana wanga, koma nkhope ya munthu wokuthirirani tiyi simunaiwerengepo. Mapepalawo. Ndi zithunzi zonse zimene mwajambula, zifufutidwe lero, ine ndikuona. Tsopano kiyi wa kabatiyi."

Pulofesa anayang'ana duku kudzera pakati pa mapewa a amayi aja, kenako anayang'ana Getzel, ndipo ndinaona magazi akuchoka kumaso kwake. Munthuyo si chitsiru, amangochedwa. Anapereka mapepala. Mawu ake anatuluka aang'ono. "Kiyi ali ndi a Wachsman."

Mayi Feldblum anatembenuka. "Iwe Getzel! Sabata yonse kiyi ali m'thumba mwako, iwe n'kumangokhala apa ngati nkhuku yoombedwa ndi mvula?"

"Sanandiuze kuti nditsegule, mayi."

"Ambuye, tipatseni mphamvu. Tsegula!"

Anatsegula. Kiyi anamupulumuka m'manja kawiri, ndipo ndinamukumbutsa za kamwala kaja kuti asalire pamaso pa alendo a ku Paris. Anakulunga kabuku m'duku mmene anakakulungira poyamba, n'kukalowetsa m'jekete, kumtima.

Tinapita ku Putte Lachitatu lotsatira, ndi matumba onse khumi ndi anayi, m'galimoto yonunkha nsomba. Dzenje la mabuku chaka chino linakumbidwa mizere iwiri yokha kuchokera pamene pagona Pessel. Getzel akuti linangokumbidwa pomwe panali malo. Ine ndikudziwa kuti wokumba manda anadya keke ija zaka zambiri. Kabuku Getzel anakaika pamwamba pa zonse, kumbali yoyang'ana kwa mwini wake.

Titayamba kukwirira, ndinaona munthu wa chipewa chobwereka ataima patali ndi nsapato zake zabwino m'matope. Anali Pulofesa. Anabwera pa basi yekha. Anatenga fosholo n'kuponya dothi katatu ngati wina aliyense, ndipo kagwiridwe kake ka fosholo kanali komvetsa chisoni. Pambuyo pake anayandikira Getzel.

"A Wachsman, zithunzi zapita. Koma zimene ndinawerenga sindingazifufute m'mutu. Sindidzauza munthu. Muli zambiri za inu m'menemo. Zabwino. Ngati mungafune kuti ndikuuzeni tsamba limodzi lokha..."

Ine ndinatambasula khosi ngati tsekwe. Zaka makumi anayi ndakhala ndikudabwa kuti mkazi wanzeru ngati uja anaona chiyani mwa munthu ameneyu, ndipo yankho linali apa, m'kamwa mwa pulofesa!

Getzel anapukuta manja pa thalauza. "Anati munthu asawerenge, aPulofesa. Inu munawerenga, ndiye musenze nokha. Ine anandiuza zimene ankafuna kuti ndimve."

N'kupita kukaika kamwala pa manda a mkazi wake.

Pobwerera sindinamulankhule mpaka pa malire. Kenako ndinamuuza kuti ndi munthu wouma mtima, wosaganizira anzake, ndiponso kuti giya yachitatu si mdani wake. Dzina la Pessel ndalitchula pano chifukwa dothi latseka kale kabuku kaja, ndipo zamkatimo sindikuzidziwa. Pulofesa ndamuyesa kawiri, kamodzi ndi vinyo. Pakamwa pake ndi pa manda. Pa chimenecho chokha ndayamba kumupatsa moni.

Bokosi labwerera pansi pa masitepe, ndipo tsopano lili ndi loko. Kiyi wake mukudziwa amene ali naye. Dzulo ndinamupititsira kanyuzipepala kaja, ndikugwedeza chala pa kamzere kaja. "Taona! Zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo akutcha zifukwa zina. Ngakhale makina a khofi awatchula dzina!"

Getzel anawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mawu ngati kale pa benchi paja. Atamaliza anapinda kapepalako bwinobwino n'kundibwezera.

"Alemba bwino," anatero. "Sanatchule munthu. Tanyamula mbali iyo ya tebulo, Leibush, a Chiyidishi akubwera."